Mau a Cingelezi Sasinthidwa Ngati Ndalama

Ife amene tiphunzitsa akulu kuwerenga ndi kulemba muno mu Lichinga timalandira pempho limodzi caka ciri conse. Ophunzira akadziwa kulemba dzina lao ndi kuwerenga kalata, amati: "Aphunzitsi, tiwonjezereni mau a Cingelezi." Pempho limeneli si lacibwana ai. Maiko onse asanu ndi limodzi amene acita malire ndi Moçambique amagwiritsa nchito Cingelezi m'maofesi mwao: Tanzania, Malawi, Zambia, Zimbabwe, South Africa ndi Eswatini. Dziko lathu lomwe linalowa m'bungwe la Commonwealth mu 1995, ngakhale cilankhulo ca boma ndi Cipwitikizi. Amai amalonda amaoloka malire pa Mandimba kupita ku Chiponde. Anthu a ku Cóbuè amakwera boti kupita pa cilumba ca Likoma, comwe ndi ca Malawi, kukaonana ndi dokotala. Pakamwa timamvana ndi Amalawi m'Cinyanja, koma mapepala a boma ndi zolembedwa pa botolo la mankhwala ziri m'Cingelezi.

Ambiri amaganiza kuti kuphunzira mau kuli ngati kusintha ndalama pa malire. Upereka metical, ulandira kwacha. Upereka liu la Cinyanja, ulandira liu la Cingelezi. Tsono amalemba mndandanda wautali m'kope, liu uku, tanthauzo uko, naloweza usiku wonse. Ife taona kuti mndandanda wotere sukhalitsa m'mutu, ndipo tsiku limene munthu aufunitsitsa ndi pamene umamthawa.

Tiyeni tione liu lakuti "wash". M'kope alemba kuti ndi kutsuka. Koma ife Anyanja timatsuka mbale, timacapa zobvala, timasamba m'thupi, timasukusula kumaso m'mawa. Mngelezi zonsezi amaziika m'liu limodzi lomweli. Liu lakuti "carry" cimodzimodzi: kusenza nkhuni pamutu, kubereka mwana kumbuyo, kunyamula thumba m'manja. Apa cilankhulo cathu ndico colemera, ndipo ophunzira amamwetulira tikawauza. Koma tikafika pa liu lathu lakuti kumva, zinthu zimatembenuka. Ife timamva mau, timamva fungo, timamva kuwawa, ndipo tikati "ndamva" nthawi zina titanthauza kuti tazindikira. Mngelezi ali ndi "hear", "smell", "feel" ndi "understand", liri lonse pamalo pace. Amene analoweza kuti kumva ndi "hear" basi adzauza namwino kuti mutu akuumva kuwawa ndi makutu.

Ife a kuno tiri ndi mwai umene anzathu a ku Malawi alibe. Mau ambiri a Cipwitikizi ndi a Cingelezi ndi apacibale. Wodziwa "família" sabvutika ndi "family", ndipo "hospital" imalembedwa cimodzimodzi konse kuwiri. Koma mwai womwewu ndi msampha, cifukwa mau ena afanana nkhope cabe, mitima ndi yosiyana. Pa citseko pakalembedwa "push", khutu lathu limamva "puxe", ndipo munthu amakoka citseko cimene afunika kukankha. Pamenepo anthu amangoseka, palibe catayika. Pepala likafunsa maina a "parents", lifuna bambo ndi mai okubala, pomwe "parentes" ndi abale onse. Wolembapo dzina la atsibweni amabwezedwa kuti akayambenso, tsiku lonse lapita.

Liu limene timalimbikira kwambiri m'kalasi ndi "constipado". Kuno ku Lichinga tiri pamwamba pa mapiri, ndipo m'miyezi ya Juni ndi Julai kumazizira koopsa. Cimfine sicisowa pakhomo. M'Cipwitikizi cathu, munthu wa cimfine amati ali "constipado". Koma m'Cingelezi "constipated" ndi munthu wodzimbidwa, amene sakucita cimbudzi. Taganizani mai amene wapita ndi mwana wa cimfine kwa dokotala wosamva Cinyanja. Afuna kudzithandiza ndi liu limene aliyesa lacizungu, nanena kuti mwanayo ali "constipated". Dokotala ayamba kufunsa za m'mimba pamene bvuto liri m'mphuno ndi m'cifuwa. Liu la cimfine m'Cingelezi ndi "cold", lomwe litanthauzanso kuzizira. Ukati "I am cold" wanena kuti ukumva kuzizira, ndipo adzakupatsa bulangete. Ukati "I have a cold" wanena kuti uli ndi cimfine. Liu ndi limodzi, koma anzace amene layenda nao asintha tanthauzo.

Ndico cifukwa cace m'kalasi mwathu sitilola liu kulowa m'kope liri lokha. Lilowe ndi ciganizo conse cimene tinalipezamo, ndipo pansi pace tilembe kumene tinaliona: pa citseko, pa cipatala, pa wailesi. Kenaka ali yense apange ciganizo cace ca zinthu za kwao, acinene mokweza, anzace amve. Mau asanu pa sabata atikwanira. Ena amadandaula kuti ndi ocepa, makamaka anyamata amene afuna kukafika ku Johannesburg mawa lomwe. Timawafunsa mau makumi awiri amene analoweza mwezi watha, ndipo amakanda m'mutu.

Buku lomasulira mau ndi labwino, koma tiliwerenge mpaka pansi. Ambiri amatola tanthauzo loyamba natseka buku, pomwe lofunikalo liri pa mzere wacitatu.

Sabata ino tiri pa "borrow" ndi "lend". Liu loyamba ndi kubwereka kapena kukongola, laciwiri ndi kubwereketsa kapena kukongoza. Cinyanja cimasiyanitsa bwino, ndiye tiyambire pa cathu, tisadzere ku Cipwitikizi. Munthu asanasaine pepala la ngongole, adziwe ngati dzina lace liri pa "borrower" kapena pa "lender", pakuti mmodzi ndiye adzabweza ndalama ndipo wina ndiye adzalandira. Lolemba likudzali ali yense abwere ndi kanthu kamodzi ka kunyumba kolembedwa m'Cingelezi, kaya ndi paketi ya mankhwala, kaya ndi thumba la mbeu. Tidzasankhamo mau asanu.