Kutsika Khwekhwelere pa Njinga

Tinanyamuka pa Dedza m'mbandakucha, chisanu cha mwezi wa Julaye chikuluma zala, tili atatu: ife, mphunzitsi mnzathu, ndi mphwathu amene wangotsiriza kumene Fomu 4. Ulendo unali wa ku Mua, kudzera msewu umene umapatuka pa Masasa ndi kutsikira ku Golomoti. Mnyamatayo anali atamangirira foni pa handulo ndi mphira wa chubu chakale, ndipo anatiuza mosapsatira kuti masiku ano munthu sayenda ulendo wa pa njinga wopanda chida chomulozera njira. Kunyumba anali atawatopetsa kale mayi ake kuti amugulire kachipangizo ka Garmin, konga kamene amamangirira alendo opalasa njinga zaliwiro.

Tisaname, nzeru yake njodabwitsa. Kumwambaku, pa mtunda wa makilomita oposa 20,000, kuli masetilaiti a GPS osachepera 24, ndipo iliyonse imazungulira dziko kawiri pa tsiku. Foni ikamva zizindikiro za masetilaiti anayi, imawerengera nthawi imene chizindikiro chilichonse chatenga pofika, nidziwa pamene munthu waima. Eni ake ndi asilikali a ku America, ndipo m'chaka cha 2000 boma lawo linasiya kusokoneza dala zizindikiro zopita kwa anthu wamba. Pamwamba pa phompho mphwathu anatiwerengera kutalika kwa malo, ife maso ali kutali kum'mawa kumene nyanja imanyezimira ngati lata latsopano.

Tsono Khwekhwelere ndi msewu wosafuna chibwana. Kuchokera ku Dedza kufika ku Golomoti munthu amatsika pafupifupi mamita 1,000, ndipo gawo lalikulu la chitsetsecho lili m'makona otsatizana, thanthwe mbali ino, phompho mbali inayo. Titapyola makona angapo tinakumana ndi bambo wina akukankha njinga ya matumba a makala, thukuta lili kamukamu. Titapatsana moni iye anayang'ana njinga zathu, nati, "Bambo, imani pang'ono mukhudze malimu anuwo." Tinakhudza, ndipo anali otentha osagwirika. Anatifotokozera kuti munthu akagwira mabuleki osalekeza pa chitsetse chotere, limu limatentha mpaka chubu kuphulika. Kenaka analoza njinga ya mphwathu: mphira za mabuleki a m'mbuyo zinali zitatha, chitsulo chili pafupi kukhudza limu. Foni inali ikuonetsabe liwiro lathu mokhulupirika, koma za mabulekiwo inalibe mawu. Mnyamata anayenda pansi makona otsalawo, ali ndwii.

M'mbali mwa msewuwu muli amisiri osema tigalimoto, tindege ndi tinjinga tamitengo, tokhala ndi matayala ozungulira ndithu. Tinagulapo kanjinga kamodzi ka ana a Sitandade 3.

Pansi pa phiri mpweya umasintha msanga. Majuzi tinavula, milambe inayamba kuoneka. Pa Golomoti tinagula mphira za mabuleki kwa wokonza njinga pansi pa mtengo. Apo mphwathu anati, "Atsibweni, mapu akuonetsa njira yachidule, tisavutike ndi msewu waukulu wa ku Salima." Tinamvera. Tisanapite patali tinapeza amayi pa mjigo, ndipo titawafunsa anaseka, nati kamlatho ka patsogolopo kanapita ndi madzi dzinja lathali, ndipo odutsa amanyamula njinga pa phewa m'mchenga. Anatipatsa madzi akumwa, natibwezera ku msewu wa tala.

Komabe chidacho tisachinyoze. Titafika pa Mua, pamene ansembe a White Fathers anakhazikitsa mishoni mu 1902, mnyamata anatumizira mayi ake chizindikiro cha pamene tinali, ndipo mtima wawo unakhala pansi. Anationetsanso mzere wa ulendo wonse, ndi chithunzi cha kutsika kwa phiri chopendekeka ngati denga la nkhokwe. Zaka zambiri takhala tikujambula phompho limeneli pa bolodi ndi choko, ana osalimvetsa; chithunzicho tinachipempha kuti tikachionetse m'kalasi. Munthu woyenda m'dziko la eni, kumene sadziwa chinenero, kapena m'nkhalango yopanda midzi, chidachi chingamupulumutsedi.

Za Garmin tinawauza mayi ake kuti adikire, ayambe agula matayala awiri ndi nyali. Pobwerera m'mawa mwake tinaima pa Golomoti kuyang'ana phiri lija kuchokera pansi, foni inatiuza mamita oyenera kukwera, ndipo tonse atatu tinakweza njinga pa lole ya matola.