Mukayamba Yoga ya Thukuta, Mverani Mpweya Wanu

Tilipo asanu ndi mmodzi, ndipo timakumana 05:30 kuseri kwa nyumba ina ku Chawama katatu pa sabata. Enafe timathandiza pa wailesi ya m'dera popanda malipiro, wina amagulitsa salaula, wina amakankha wilibala ku Soweto Market. Tinayamba yoga chifukwa ndalama ya gym inatikanika, pamene mavidiyo a pa foni amangofuna bundle. Papita zaka ziwiri. Manje achinyamata a mu komboni amatifunsa kuti ayambire pati, ndiye tikuuzeni zimene tinaphunzira mnzathu atavulala.

Ambiri amaganiza kuti yoga ndi kukhala pansi n'kutseka maso basi. Yotero ilipo. Koma ife tinasankha Ashtanga, yochokera ku Mysore ku India, imene anaifalitsa K. Pattabhi Jois. Imayamba ndi Surya Namaskar: kukweza manja, kuwerama, kuponya miyendo kumbuyo, kutsika ngati press-up, kukweza chifuwa, kenako kukweza chiuno m'mwamba mutu uli pansi n'kupuma kasanu. Ozolowera amabwereza zimenezi kasanu, n'kuwonjezera mtundu wina wolimbirapo kasanunso. Kumeneko ndi kutenthetsa thupi chabe.

Ife tinafuna kudziwa zonse sabata yoyamba. Mnzathu wa wilibala, pokhala wamphamvu kuposa tonse, anakakamiza mphumi kuti ifike pa maondo ngati mmene anaonera pa YouTube. Ife tinali kumuchemerera. Mwadzidzidzi anagwira kuseri kwa ntchafu n'kukhala pansi. Anatha masabata atatu osakankha katundu, ndipo ya rent mwezi umenewo tinachita kumusonkhera. Mu komboni thupi ndiye kapito. Likaima, mbaula nayo izima.

Chimene sitinamve m'mavidiyo aja ndi ichi: mu Ashtanga kusuntha kulikonse kumayendera limodzi ndi mpweya wa m'mphuno. Pokweza manja mukoka mpweya, powerama muutulutsa. Mukaona kuti mwayamba kupumira kukamwa ngati munthu wothamangira basi ku Kulima Tower, kapena mwaugwira mpweya mano ataluma, dziwani kuti mwapitirira. Imani, pumani, muyambenso pang'onopang'ono. Mnzathu uja anali atasiya kupuma bwino kalekale asanavulale, koma tonse tinali kuyang'ana mphumi yake.

Choncho yambani ndi Surya Namaskar katatu chabe, kwa mphindi khumi kapena khumi ndi zisanu, masiku atatu pa sabata. Powerama pindani maondo. Potsika ngati press-up ikani maondo pansi mpaka mikono italimba, apo ayi mapewa ndi amene adzalipira. Tambasulani zala kuti dzanja lonse ligwire pansi. Phunzirani kusiyanitsa ululu: minofu kuwawa mawa lake si vuto, koma ululu wobaya pa bondo, pa mfundo ya dzanja kapena m'munsi mwa msana ukutanthauza kuti mulekeretu tsikulo.

Za mat musadandaule. Koma chitenge pa simenti ya polishi chimaterera, tinagwapo. Mphasa imasiya mizere m'manja. Kachidutswa ka kapeti yakale kanatithandiza kufikira titapeza mat yotchipa.

Musachite yoga mutangodya nsima. Dikirani maola atatu, kapena chitani m'mawa musanadye. Mu October, dzuwa likakwera musayese, ndipo imwani madzi mukamaliza. Mu June ndi July thupi limadzuka louma ndi mphepo, lipatseni nthawi kuti litenthe. Ngati muli ndi BP, muli ndi pakati, kapena munachitidwa opaleshoni, yambani mwafunsa ku kiliniki. Pomaliza gonani chagada mphindi zisanu osasuntha. Poyamba tinali kudumpha mbali imeneyi poganiza kuti ndi ulesi, n'kumayenda tsiku lonse miyendo ikunjenjemera.

Anthu adzalankhula. A landilodi anatifunsa ngati tayamba tchalitchi chachilendo. Zoona, yoga inachokera m'miyambo ya chipembedzo ku India, ndipo sitibisa. Tinawapempha akhale pa mpando aonerere, anaona thukuta, anabwerera ku tiyi wawo. Aliyense asankhe ndi mtima wake. Dziwaninso kuti simuli nokha: mu 2014 bungwe la United Nations linasankha 21 June kukhala tsiku la yoga padziko lonse.

Mnzathu wa wilibala anabwerera m'gulu. Mpaka lero mphumi yake sinafike pa maondo, ndipo amawerama maondo atapinda. Koma akuti madzulo, akachoka ku Soweto, msana sumuvutanso monga kale. Akabwera watsopano timamuika pafupi ndi iye, osati kuti aone mmene akupindikira, koma kuti amve mmene akupumira.