Matenda Awiri a Injini Imodzi

Injini ya galimoto ili ndi makanidwe angapo. Ilipo yokhala duu ngati mwala munthu akapotokola kiyi. Ilipo yongoti "tha" kamodzi n'kusiyira pomwepo. Ndipo ilipo ina imene imazungulira ndi mphamvu zake zonse, n'kumagwedeza galimoto yonse, koma osagwira moto. Ziwiri zoyambazo mlandu wake suchedwa, pakuti umathera pa batire, pa mawaya ake, kapena pa sitata. Yachitatuyo ndiyo imavula amakaniko ulemu, chifukwa imapatsa anthu chiyembekezo. Aliyense woimirira pafupi amamva ngati yatsala pang'ono kulira, ndipo aliyense amakhala ndi maganizo ake pa chimene chatsalacho.

Umu ndi mmene inakanira, masiku atatu athunthu m'nyengo ya mwera, Land Rover ya mayi wina wamasiye wa ku Mbamba Bay.

Mbamba Bay ndi doko la kum'mawa kwa nyanja imene Amalawi amaitcha Malawi pomwe eni dera lino amati Nyasa, moyang'anizana ndi Nkhata Bay. Kuyambira mu 2012 ndi likulu la boma la Nyasa, limene linadulidwa kuchoka ku boma la Mbinga m'chigawo cha Ruvuma. Kumbuyo kwa doko kuli mapiri a Amatengo, ndipo msewu wa makilomita oposa 60 wotsika mapiriwo kuchokera ku Mbinga unali wadothi mpaka phula linafika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2020. Nthawi yadzinja msewuwo unkasankha wokha galimoto zoyenera kuuponda, ndipo kwa zaka zambiri unkasankha Land Rover. Ya mayiyu inali ya mtundu wa Series III, yaitali ija yotchedwa 109, imene inkapangidwa ku Solihull, ku England, pakati pa 1971 ndi 1985. Injini yake ndi ya petulo, ya masilinda 4 ndi malita 2.25. Thupi lake ndi la aluminiyamu, n'chifukwa chake chinyezi cha kunyanja chinalephera kulidya, ngakhale kuti chasisi yachitsulo inali itawotcheredwa zigamba zosawerengeka.

Kumaiko amene galimotoyi inachokera, anthu achuma amaisunga m'nyumba n'kumaipukuta ngati chuma cha makolo. Kuno inali bulu. Inkanyamula matumba a usipa wouma, umene pamsika amautcha dagaa, kupita kumidzi ya m'mapiri kumene phula silinafike, n'kubwerako ndi chimanga ndi nyemba. Matumba 14 anali kale pakhonde, ogula akudikira kumtunda, ndipo wogula zitsulo zakale wochokera ku Songea anali atatchula kale mtengo wake kawiri. Mayiyo anali atanena poyera kuti ikapanda kulira pofika Loweruka, ipita pasikelo.

Anyamata a pagalaja sanagone. Tsiku loyamba anati ndi mapulagi, ndipo mapulagi anagulidwa. Tsiku lachiwiri anati ndi koyilo; inabwera pa basi kuchokera ku Mbinga. Madzulo ake mphwake wa mayiyo, mnyamata wa manja ochenjera amene ankaphunzira ntchito pagalajapo, anatsegula distributor n'kuikamo mapointi atsopano. Palibe chimene anachita mwaulesi, ndipo sikoyenera kuwaseka. Anakulira m'nthawi imene zipangizo zimapezeka m'sitolo, ndipo nzeru ya nthawi yotero imati chimene ukuchikayikira, chichotse uikepo china.

Fundi wokalamba amene anaitanidwa m'mawa wa tsiku lachinayi anakulira m'nthawi ina. Ntchito anaiphunzira kwa makaniko wina amene anaphunzitsidwa ku misheni ya Abenedikito ku Peramiho, pafupi ndi Songea, ndipo anakhwimira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, pamene Tanzania, itangotuluka m'nkhondo ya ku Uganda ya 1978 mpaka 1979, inasowa ndalama zakunja zogulira ngakhale sopo ndi matayala. Masiku amenewo makaniko woganiza molakwa analibe sitolo yothawirako. Ankayenera kudziwa chenicheni chimene chafa asanamasule nati, popeza chimene wachitaya sakanachipezanso.

"Shikamoo, Babu," anatero mnyamatayo.

"Marahaba. Musanayambe kuigwira, inkatani?"

Funsoli palibe amene anali atalifunsa. Mayiyo ndiye anayankha, mu Chinyanja cha m'mbali mwa nyanja chosakanizika ndi Chiswahili: inkalira bwinobwino, kenaka itathiridwa petulo wa m'chigubu inayamba kutsokomola pachitunda, n'kuzima, n'kukana.

Mkuluyo sanathamangire ku petulo. Anazula waya wonenepa wochokera ku koyilo pakati pa chivindikiro cha distributor, nauika pafupi ndi chitsulo cha injini, nauza mnyamatayo kuti apotokole kiyi. Panalibe moto ngakhale wa kanthethe. Apa iye anapukusa mutu, chifukwa nkhani ya mayiyo ndi umboni wa wayawo sizinkagwirizana. Galimoto yotsokomola pachitunda itangomwa petulo wachilendo imadandaula za chakumwa. Galimoto yopanda moto m'pang'ono pomwe imadandaula za magetsi. Ndiye kuti mwina mayiyo sankakumbukira bwino, mwinanso onse awiri ankanena zoona. Injini imene yakana masiku atatu pakati pa anthu ofuna kuithandiza kawirikawiri imakhala ndi matenda awiri: amene inabwera nawo, ndi amene anaipatsa asing'anga.

Mapointi ndi tizitsulo tiwiri tokhudzana m'kati mwa distributor, tochepa ngati mutu wa machesi. Tikakhudzana, magetsi a mavoti 12 ochokera ku batire amadutsa m'koyilo n'kupita pansi, ku chitsulo cha injini. Moto subadwa pamenepo ayi. Umabadwa pamene tizitsuloto talekana: magetsi akadulidwa mwadzidzidzi, koyilo imalavula mavoti zikwi zambiri, ndipo kamkono kozungulira kamagawira motowo ku mapulagi motsatira ndondomeko ya 1, 3, 4, 2. Mpata wa kulekanako ndi wosakwana theka la milimita, pafupifupi 0.38, ndipo amakaniko akale akasowa choyezera ankaupima ndi kachikatoni ka paketi ya fodya. Nzeru yonse ya makinawa yagona pa kulekana. Magetsi akapeza njira ina yopitira pansi osadutsa pa mapointi, tizitsuloto tikhoza kutseguka ndi kutsekeka tsiku lonse, koma koyilo sidzamva kanthu.

Pa distributor ya Lucas ya mtundu wakale, mawaya awiri aang'ono, wa kondensa ndi wochokera ku koyilo, amakumana ndi sipuling'i ya mapointi pa kamtengo kachitsulo. Pamenepo pamakhala kapulasitiki kokhala ngati chipewa, ndipo mawayawo ayenera kulowa pansi pa chipewacho kuti akhudze sipuling'i yokha. Mnyamata uja anali atawaika pamwamba, pansi pa nati. Pooneka panali pabwino, pomangika zolimba, paukhondo kuposa mmene panalili kale. Koma natiyo inkatenga magetsi onse n'kuwatsitsira ku chitsulo. Azungu a ku Britain ali ndi nthabwala yakale yotcha Lucas kalonga wa mdima, pokumbukira nyali ndi mawaya ake ovutavuta. Tsiku limeneli kalongayo analibe mlandu.

Fundiyo sanalengeze zimene anaona. Anthu anali atazungulira boneti, ndipo pakati pawo panali azakhali a mnyamatayo, amene ndalama zawo zinali zitapita. Anangomuitana pafupi, namupatsa kasipanala.

"Mwanangu, maso anga atha. Tamasula apa, undiuze chimene chili pamwamba ndi chimene chili pansi."

Mnyamatayo anamasula, nayamba kutchula: nati, mawaya, kapulasitiki, sipuling'i. Atafika pa kapulasitiki mawu ake anachepa. Anakhala kanthawi akuyang'ana, kenaka anasintha yekha ndondomekoyo n'kumanganso. Mkuluyo anali akuyang'ana kunyanja, kumene mabwato ankalimbana ndi mafunde a mwera. Atayesanso waya uja, moto wabuluu unadumpha n'kuthetheka moti aliyense anaumva.

Matenda oyamba aja sanatenge nthawi. Pansi pa pampu ya petulo ya injini imeneyi pali kambale kagalasi, ndipo m'kambalemo munali mizere iwiri: petulo pamwamba, madzi pansi, popeza madzi ndi olemera kuposa petulo. Chigubu chogona panja usiku m'mbali mwa nyanja chimatuluka thukuta m'kati, ndipo si wogulitsa aliyense amene amasefa. Anakhuthula kambaleko, natsitsa za pansi pa thanki m'beseni mpaka petulo anayera, natsuka kabuleta, napopa ndi kamkono ka pampu mpaka mafuta anafika. Galasilo linali poonekera masiku onse atatu aja, koma linali litakutidwa ndi fumbi, ndipo palibe amene analipukuta.

Batire inali itafooka ndi kuguguda kwa masiku atatu, ndipo malo amene galimoto inaima anali amchenga, osakankhika. Kuseri kwa mipando kunali hendulo imene mwamuna wa mayiyo anaisiya, yadzimbiri koma yowongoka. Fundiyo anailowetsa pa bowo la kutsogolo, nasonyeza mnyamatayo kagwiridwe kake: chala chachikulu chikhale mbali imodzi ndi zinzake, ndipo hendulo ikokedwe chokweza, chifukwa injini ikabwezera m'mbuyo imathyola dzanja la woigwira mokumbatira. Kukoka koyamba inangopuma. Kwachiwiri inatsokomola utsi wakuda. Kwachitatu inagwira, nkhuku zinabalalika pansi pake, ndipo mayiyo, osanena kanthu, analowa m'nyumba kukatenga zingwe zomangira matumba.

Malipiro anali ndowa ya usipa ndi ndalama pang'ono. Mkuluyo anapemphanso zinthu zimene anyamata anachotsa. Koyilo yakale inapezeka pamulu wa zinyalala, mapulagi m'thumba la wina, mapointi akale mumchenga. Anawapukuta, nawapala pang'ono ndi kafayilo, nawaika m'bokosi la machesi, n'kupereka kwa mayiyo kuti azisunga m'galimoto, popeza zonsezo zinali zamoyo.

Mnyamatayo anamuperekeza mpaka pamsewu wa phula. Panjira anamuuza kuti mwezi wamawa apita ku Songea kukaphunzira kukonza njinga zamoto za bodaboda, chifukwa ndizo zadzaza doko, pomwe ma Land Rover a petulo otsala m'boma lonse munthu angawawerenge pa zala. Mkuluyo anavomereza kuti kumeneko ndiko kuli ndalama. Anangofunsa ngati njingazo zili ndi mapointi. Mnyamatayo anati ayi, zili ndi kabokosi kakuda komata, kosatsegulika. Kakafa umagula kena. Mkuluyo anafunsa mtengo wake, ataumva anaimba kamluzu, nasenza ndowa yake ya usipa kulowera njira ya kumsika.