Galimoto Yozima Ikatentha

Mkono wanga wamanja umandiuza mvula ikayandikira. Unathyoka pamfundo chaka changa choyamba ku Johannesburg, ndipo chinauthyola ndi Ford Model T ya 1915. Ndinali nditagwira umakaniko zaka zingapo ku Limbe, kukonza maminibasi ndi malole, choncho nditapeza ntchito m'galaja ya galimoto zamakedzana ndinkadziyesa katswiri. Mdala mwini galajayo atandiuza kuti ndilize galimotoyo, ndinagwira handulo ngati ndagwira mpini wa khasu, chala chachikulu chitazungulira chitsulo, n'kukankhira pansi ndi thupi lonse. Injini inabweza. Ndinangomva kuti thyo!

Cholakwa changa chinali kakamtengo kachitsulo kamene kali kumanzere pansi pa chiwongolero. Kameneko ndi kamene kamalamula nthawi yoti pulagi ithetheke. Poliza, kamayenera kukhala m'mwamba kuti moto uchedwe. Ine ndinakapeza kali pansi, sindinakayang'ane n'komwe. Moto unafika pisitoni isanafike pamwamba, petulo anaphulika, pisitoni inabwerera komwe imachokera, handulo n'kundibwezera zanga. Mdala uja atandichotsa kuchipatala sanandikalipire. Anangondionetsa kagwiridwe kake: zala zonse mbali imodzi, chachikulu chomwe, ndipo umakoka chokweza, sukankha.

Ntchito yanga yonse kuyambira tsiku limenelo yakhala pa funso limodzi: moto ulipo, nanga ukufika nthawi yanji?

Anyamata a masiku ano akamva kuti galimoto ingathe kuyenda popanda batire amaseka. Koma magneto ndi momwemo, imadzipangira yokha magetsi. M'kati mwake muli maginito ndi mpukutu wa waya umene umazungulira pakati pa maginitowo. Mapointi akatseguka, magetsi amadukiza mwadzidzidzi, ndipo mpukutu wachiwiri wa waya woonda ngati tsitsi umatulutsa moto wamphamvu wopita ku pulagi. Kampani ya Bosch ku Germany inatulutsa magneto ya mtundu umenewu mu 1902, ndipo inalamulira kwa zaka zambiri mpaka koilo ndi batire, zimene Charles Kettering anakonzera Cadillac cha mu 1910, zitayamba kuilanda malo. Ndege zazing'ono mpaka lero zimadalirabe magneto, ziwiri pa injini imodzi, chifukwa kumwamba kulibe kokankhira.

Model T ili ndi yakeyake. Maginito 16 anamangiriridwa pa flywheel, ndipo amazungulira moyandikana ndi mipukutu 16 ya waya. Magetsi ake ndi ochepa mphamvu, ndiye amapita kaye m'timabokosi tinayi tathabwa, kamodzi pa silinda iliyonse, timene timalira ngati njuchi. Galimoto yotere ikamalira bwino pa batire koma n'kumatsokomola ukatembenuzira ku magneto, sindifulumira kumasula injini. Ndimayamba ndachotsa kachitsulo kotenga magetsi kamene kali pamwamba pa giyabokosi. Malamba a magiya amanyotsoka ulusi, ulusiwo umayenda ndi oilo n'kukaunjikana pamenepo. Kangapo konse ndabweza galimoto kwa mwini wake nditangochotsa kampira ka ulusi wakuda kosaposa mtedza. Ngati si ulusi, ndimakankha crankshaft kutsogolo ndi kumbuyo. Ikamasewera, maginito amatalikirana ndi mipukutu ija ndipo moto umafooka. Pamenepo ndiye thumba la mwini galimoto lili pamavuto.

Koma galimoto imene inandiphunzitsa kwambiri ndi Austin 7 ya 1927, kagalimoto kakang'ono ka ku Birmingham ka injini ya 747 cc. Za chaka chimenecho zinali zikadali ndi magneto, koilo inabwera chaka chotsatira. Mwini wake, bambo wachikulire wofatsa, anafika atatopa nayo. M'mawa imalira kamodzi n'kamodzi. Ikayenda mphindi makumi awiri imayamba kudumphadumpha, kenako zii. Ukaisiya ola limodzi imaliranso ngati sinalakwe kanthu. Anali atasinthitsa kale kabureta, atatsukitsa thanki, atagula mapulagi atsopano. Aliyense amene anaigwira ankati ndi petulo.

Inenso ndinati ndi petulo. Ndinataya masiku awiri ndikupemerera mapaipi. Mdala wanga ankangodutsa, kapu ya tiyi m'manja, osanena kanthu. Tsiku lachitatu ndi pamene anaima.

"Moto wauona?"

"Ndauona, bwana. Ulipo, wabuluu."

"Wauona liti?"

Ndinauona m'mawa, injini ili yozizira. Ndiye kuti ndinapima wodwala malungo pa nthawi imene thupi lazizira n'kumuuza kuti wachira. Tinaitulutsa galimotoyo, tinazungulira nayo mpaka inazima pamsewu, ndipo pomwepo ndinazula waya wa pulagi, kuuyandikiza ku injini, mdala akupukusa. Kanali kamoto kofiirira, kamodzi mwa apo ndi apo. Nditagwira magneto inali yotentha, ikununkha ngati vanishi.

Mipukutu ya magneto zakale inkamatidwa ndi shelaki. Pakatha zaka zambiri shelakiyo amafewa akatenthedwa, waya amakhudzana, magetsi amadutsa njira yachidule m'kati momwemo osafika ku pulagi. Ikazizira amaumanso, vuto n'kubisala. Nthawi zina amasungunuka n'kudontha, ndiye ikazizira mpukutu umamatirira, osazunguliranso. Wosadziwa akaukakamiza amathyola mano a magiya. Kondensa nayo imakalamba chimodzimodzi, ndipo m'magneto zambiri anaikwirira m'kati mwa mpukutu, moti kuti uifike uyenera kuphwasula chilichonse. Chizindikiro chake ndi mapointi opserera ndi moto wambiri wothetheka pakati pawo. Mankhwala ake ndi amodzi: kukulunganso waya watsopano ndi kuika kondensa yatsopano. Ife sitikulunga tokha, timatumiza kwa amisiri a ntchito imeneyo, ndipo atsala owerengeka.

Ndisananene kuti magneto yafa, pali tinthu timene ndimayang'ana, ndipo totchipa timayamba. Waya wozimitsira ndiye woyamba. Magneto siizima chifukwa wainyima magetsi, imazima chifukwa waigwetsera ku bodi. Waya ameneyo akasupuka n'kukhudza chitsulo paliponse, galimoto siilira ngakhale upukuse mpaka madzulo. Ndimangomuchotsa n'kuyesanso. Kenako timakala tija totenga magetsi, ngati tatha kapena tanyowa ndi oilo. Kenako mpata wa mapointi, umene pa magneto zambiri ndi pafupifupi 0.3 mm. Mpata wa pulagi nawo uyenera kuchepa, osapitirira theka la milimita, chifukwa popukusa ndi dzanja magneto imazungulira pang'onopang'ono ndipo moto wake ndi wochepa. Anthu amaika mapulagi atsopano ndi mpata wa galimoto zamakono, kenako n'kumatukwana magneto yosalakwa.

Chimene chimandipweteka mtima ndi makaniko amene amalumikiza batire ku magneto kuti "aipatse mphamvu". Magetsi a batire akalowa m'menemo amafooketsa maginito, mwinanso kuwotcha mpukutu. Ndalandirapo ziwiri zophedwa motero.

Magneto ya Austin ija itabwerako, inatsala ntchito imene ndimaikonda kuposa zonse, kutchera tayimingi. Ndimachotsa pulagi ya silinda yoyamba, kutseka bowo ndi chala chachikulu, wina n'kumapukusa pang'onopang'ono. Mpweya ukayamba kukankha chala, ndadziwa kuti pisitoni ikukwera mavavu onse atatseka. Ukalumpha sitepe imeneyi ukhoza kutchera pa ulendo wotulutsa utsi, ndipo galimoto imangowombera m'kabureta ngati mfuti. Zinandichitikirapo, nsidze zinapsa. Ndikapeza pamwamba penipeni, ndimabweza injini pang'ono kufika pamene buku la galimotoyo likunena, kakamtengo ka moto ndikakankhira kofulumiza mpaka kumapeto. Ndimatchera pamenepo chifukwa m'magneto zambiri moto wamphamvu umakhala kumeneko, ukauchedwetsa umafookako.

Ndiye pamabwera pepala lopichirira fodya. Sindisuta, koma m'bokosi langa la zipangizo simusowa kapaketi. Ndimalipanitsa pakati pa mapointi, kulikoka pang'ono, n'kumazunguza magneto. Pamene pepala langoyamba kutsetsereka, mapointi ayamba kutseguka, ndipo moto umabadwa pamenepo. Alipo amene amagwiritsa ntchito kachipangizo kolira, n'kabwino ndithu, koma chala changa chinazolowera pepala.

Kulumikiza magneto ku injini osasuntha kanthu ndi nkhani ina. Apa ndimavulira chipewa amene anapanga cholumikizira cha Simms: kamphira kokhala ndi mano 19 mbali imodzi ndi 20 mbali inayo. Ukasuntha dzino limodzi kutsogolo uku ndi limodzi kumbuyo uko, tayimingi imasuntha pang'ono kwambiri, osakwana digiri imodzi. Kamphira kokha, popanda kompyuta.

Buku limakufikitsa pafupi, zotsala ndi khutu. Moto ukachedwa galimoto imakhala yaulesi, madzi amawira, paipi ya utsi imatentha mpaka kufiira. Ukafulumira kwambiri injini imagogoda pokwera chitunda ngati wina akumenya timisomali m'kati, ndipo handulo imabweza. Petulo wa lero si wa 1927, amapirira kwambiri asanagogode, choncho nambala za m'buku sindizitenga ngati lamulo. Malo nawo ali ndi mawu. Johannesburg ili pamtunda wa mamita oposa 1,700, mpweya ndi wopepuka, ndipo injini imalola moto wofulumirako. Galimoto yomweyo ukatsika nayo ku Durban, m'mphepete mwa nyanja, imayamba kugogoda. Mwini galimoto akandiuza kuti akupita kunyanja ndimamuuza kuti dzanja lisatalikire kakamtengo kaja.

Bambo wa Austin uja atabwera kudzaitenga sanafune kumva zambiri.

"Iyenda mphindi zingati?" anafunsa.

"Kwerani, bambo, tikaone limodzi."

Tinayenda ola lathunthu ndi theka dzuwa lili pamutu, iwo akuyendetsa, ine maondo ali pachibwano chifukwa kagalimotoko sikanapangidwire munthu wamtali. Pa mphindi makumi awiri ndinawaona akuyang'ana wotchi, mapewa ataumitsa. Pa makumi atatu anayang'ananso. Titabwerera pagalaja anazimitsa okha, n'kutsika, n'kuika dzanja pa magneto monga anandionera ine. Kabureta yakale ija, imene anaichotsa popanda mlandu, anandipempha kuti ndiibwezeretse Loweruka lotsatira.