Mwana Amene Analanda Mbale ya Futali



Zaka zino Ramadhan ikumatipeza kuno ku Kasungu ntchito ya fodya ili pachimake. Mu 2025 tinayamba kusala kumayambiriro kwa Malichi, mu 2026 chapakati pa Febuluwale, nyengo imene aliyense amakhala kalikiliki kuthyola, kusoka ndi kupachika m'zigafa, maso ali pa msika wa Chinkhoma. Makolo akadya daku n'kuswali Fajr amalowa m'munda, kubwerako dzuwa litapendeka. Ana aang'ono amatsala akuleletsana okhaokha, masana n'kudzatipeza ife kumadrasa.

Chaka chatha pakati pa anawa panali mnyamata wa zaka 6 amene tonse tinkangomutcha wovuta. Salaam sankapereka. Ukamuitana, zii. Mnzake akamukhudza pang'ono, chibakera. Tsiku lina madzulo pamzikiti, adhana ya Maghrib isanamveke, analanda mbale ya futali pamphasa n'kuthawira nayo kuseri. Tinamugwira, ndipo tivomereze pano, tinamukwapula pamaso pa anzake. Sanalire. Anangotiyang'ana.

Titatha Taraweh, agogo ena amene amatiphikira pamzikitipo anatikokera pambali. "Amwalimu, kodi mwanayo mwamufunsa chimene wadya lero?" Tinasowa poyankha.

Kutacha tinapita kwawo, m'tinyumba ta antchito kuseri kwa esiteti ina. Banjalo linali litabwera kuchokera ku Machinga miyezi inayi yokha m'mbuyomo. Mwanayo anakulira Chiyao. Chichewa ankachimva patalipatali, ndipo akayesa kulankhula anzake ankamuseka. Pakhomo moto sunkasonkhedwa masana poti akuluakulu akusala, choncho iye ndi mlongo wake wa zaka 3 ankasala nawo mosafuna. Mbale ija ankapititsira mlongo wakeyo, amene anamukhazika kuseri kwa mzikiti. M'mawa uliwonse ankathandiza kututa masamba a mame kupita nawo kuchigafa, n'kumadandaula mutu. Fodya wonyowa amalowetsa chikonga m'thupi kudzera pakhungu, ndipo zotsatira zake ndi mutu, chizungulire ndi nseru. Uyu ndiye mwana amene ife tinkafuna akhale phee maola awiri akubwereza alif, baa, taa.

Tinabwerako manyazi atatigwira. Tinalanga mwana chifukwa chosowa adabu, pamene iye ankachita chinthu chimene timalalikira mwezi wonsewu: kudyetsa wanjala.

Sitikunena kuti kulanda n'kwabwino, kapena kuti mwana aliyense wandewu ali ndi njala. Ena ndi tulo, poti timawagoneka mochedwa chifukwa cha Taraweh n'kuwadzutsanso pa daku. Ena amangobwereza zimene amaona kunyumba. Ena samva bwino m'makutu, ndipo amafunika kuonedwa kuchipatala, osati kukalipiridwa. Koma mwana wa zaka 4 kapena 6 alibe mawu okwanira kuti anene kuti watopa, akuopa, kapena akusowa kwawo. Zimene pakamwa palephera, manja ndi amene amanena. Kudikira, kupempha, kugawana, kupepesa, zonsezi mwana sabadwa nazo. Amaziphunzira monga amaphunzirira Fatiha: kumva kwa wamkulu, kuyesa, kulakwitsa, kubwerezanso.

Chitsanzo tili nacho kale. Anas bin Malik anatumikira Mtumiki (SAW) zaka 10 kuyambira ali mwana, ndipo anachitira umboni kuti sanakalipiridwepo. Mtumiki (SAW) anaswalipo atanyamula mdzukulu wake Umamah, kumutsitsa pogwada n'kumunyamulanso podzuka. Ife timaziwerenga m'kalasi, koma nthawi ya Asr kukhosi kutauma, mwana akangogwetsa ndowa, ndodo ili kale m'manja. Ana amasunga zimene manja athu achita kuposa zimene pakamwa pathu panena.

Kuyambira sabata imeneyo tinasintha zinthu zingapo, zosalira ndalama zambiri. Ndodo tinaichotsa m'kalasi. Timaima pakhomo n'kuyamba ife kupereka salaam kwa mwana aliyense, kumutchula dzina. Amayi a pamzikiti anasonkherana ufa kuti ana aang'ono azimwa phala asanayambe kuphunzira, pakuti swaumu siinakakamizidwe kwa mwana wosatha msinkhu. Awiri akamenyana timayamba tawalekanitsa, mitima itsike, kenako aliyense afotokoze, wina akumvetsera. Mnyamata uja tinamupatsa udindo wogawa makapu, ndiponso tsiku lililonse ankatiphunzitsa mawu awiri a Chiyao, ife aphunzitsi tikulakwitsa iye akuseka. Tisanachite zonsezi, tinamupepesa pamaso pa anzake omwe aja.

Sanasinthe tsiku limodzi. Anamenyanso wina kawiri mwezi usanathe. Koma usiku wa 27, atagawa makapu onse, anaima n'kudikira mpaka womaliza atalandira, iye kenako n'kutenga yake. Fodya atagulitsidwa banjalo linabwerera kwawo, ndipo sitinamuonenso.

Kwa makolo anzathu, pempho lathu ndi ili. Musanalowe m'munda, siyirani ana chakudya cha masana, ngakhale mbatata yophika. Fodya wa mame asamugwire. Lamulo la dziko lino sililola kulemba ntchito mwana wosakwana zaka 14, ndipo ngakhale m'munda mwanu momwe, chikonga sichisankha kuti uyu ndi mwana wa mwini munda. Ngati pafupi pali sukulu ya mkombaphala, apititseni akazolowere kusewera ndi anzawo. Inu ophunzira akuluakulu, mlendo akalakwitsa Chichewa musamuseke. Khalani naye pamphasa imodzi.

Ndipo mwana akakulakwirani madzulo ano, musanatukule dzanja, funsani funso la agogo aja. Allah alandire swaumu yathu, atikhululukire pamene tinalakwira ana, ndipo afewetse mitima yathu pa iwo. Ameen.