Ku Pasadena, Kumene Nyumba Amaigogoda Ngati Mbiya

Sitima yamagetsi yochoka pakati pa mzinda wa Los Angeles imafika ku Pasadena ola lisanathe, ndipo mlendo amene anatsika kumeneko, mapiri a San Gabriel ali kumbuyo kwake, anayenda wapansi kulowera kummwera mpaka pa sukulu ya ukachenjede ya Caltech. Chimene anadzera ndi nyumba ya konkire ya nsanjika 9, yomwe inatha kumangidwa mu 1967 ndipo inkatchedwa Millikan Library isanasinthidwe dzina kukhala Caltech Hall. Maonekedwe ake ndi wamba, kutsogolo kwake kuli dziwe losazama, koma ndi nyumba zochepa padziko zimene zapimidwa kwa zaka zambiri ngati iyi.

Mayi wogula mbiya amayamba waigogoda ndi chala, chifukwa yong'aluka imalira mogonthera ngakhale mng'aluwo usaoneke ndi maso, ndipo akatswiri a pano amatsata nzeru yomweyo. Nyumba iliyonse ili ndi kanjenjemeredwe kake kachibadwa, kutanthauza kuchuluka kwa maulendo amene imapendekera uku ndi uku pa sekondi imodzi. Yolimba imanjenjemera mofulumira, pamene yofooka imachita mozengereza. Padenga pa Caltech Hall anaikapo makina ozunguza zitsulo zolemera mbali imodzi, amene amagwedeza nyumba yonse mwadala, kwinaku tizipangizo tomangiriridwa pansi m'nsanjika zosiyanasiyana tikulemba kugwedezeka kumene phazi la mlendoyo silikanakumva.

Chivomerezi cha San Fernando chisanachitike pa 9 February 1971, nyumbayi inkapendekera kummawa ndi kumadzulo pafupifupi maulendo 1.45 pa sekondi, koma chitadutsa nambalayo inatsika kufika cha m'ma 1.2 osabwereranso, ngakhale kuti makoma sanaonetse kuwonongeka kodetsa nkhawa. Akatswiri akhala akutsutsana ngati kufookako kuli mu konkire kapena m'dothi logwira maziko, ndipo mkanganowo ndi woyenera, pakuti ngakhale mvula yamphamvu imakweza nambalayo pang'ono kwa masiku angapo. Wopima kamodzi kokha akhoza kunamizidwa ndi nyengo.

Potuluka, mlendoyo anakumbukira Karonga, kumene zivomerezi za mu December 2009 zinasiya mabanja akugona panja, akuopa makoma amene sankadziwa ngati akadali olimba. Anaima pafupi ndi dziwe lija, nayang'ana ophunzira akulowa pakhomo la nyumba imene kanjenjemeredwe kake kakhala kakulembedwa kuyambira chaka chimene inamangidwa.