Kuganiza kwambiri si ulesi

Ife a Fomu 4 tatola mawu atsopano pa foni. Pa TikTok ndi Facebook aliyense wasanduka dokotala: mnzako akakumana cholembera akuti ndi "toxic", ukalakwa mayeso a masamu akuti uli ndi "depression". Kunyumba nako mawu ndi ena. Mwana akangokhala duu, osadya, osacheza, amati ndi ulesi, kapena amangoti "akuganiza kwambiri, zitha zokha." Pakati pa mbali ziwirizi, amene akuvutikadi amasowa womumvetsera.

Achipatala amasiyanitsa. Kukhumudwa tsiku limodzi kapena awiri kumagwera aliyense. Koma munthu akatha milungu iwiri kapena kuposerapo ali wosweka mtima pafupifupi tsiku lililonse, zomwe ankakonda sizikumukomeranso, tulo sakupeza, chakudya sichikulowa, ndipo akudziona wachabechabe, amenewo ndi matenda. Chosangalatsa n'chakuti amachizika.

Anzathu a ku Zimbabwe vutoli amalitcha kufungisisa, kutanthauza kuganiza kwambiri, monga momwe timanenera kuno. Poona kuchepa kwa madokotala a matenda a maganizo, Dr Dixon Chibanda anayambitsa Friendship Bench ku Mbare, mumzinda wa Harare. Anaphunzitsa agogo aakazi kukhala pa benchi panja pa chipatala ndi kucheza ndi ovutika. Gogo salamula zochita. Amamvetsera, amathandiza munthu kutchula mavuto ake, kusankhapo limodzi, n'kupeza poyambira. Kafukufuku amene anatuluka mu 2016 anasonyeza kuti njirayi imathandizadi.

Benchi yotere tikhoza kukhala nayo kuhositelo. Mayeso a MSCE akuyandikira, fizi ikuvuta, ena kwawo makolo sakumvana. Anyamatafe tinakula tikumva kuti mwamuna salira, ndiye timangomeza. Mnzathu akasintha, tisamupatse dzina la pa intaneti. Tikhale naye pansi, timufunse, "Achimwene, chikukusautsani n'chiyani?" kenako titseke pakamwa, timve.

Pali chinsinsi chimodzi chosayenera kusunga. Mnzathu akanena zodzipha, ngakhale moseka, tiuze aphunzitsi kapena a matroni tsiku lomwelo, atikwiyire bwanji. Thandizo lilipo pa chipatala cha boma chilichonse chachikulu, ku Zomba Mental Hospital, komanso ku St John of God ku Mzuzu.

Kwa inu makolo athu, pempho lathu ndi limodzi: tikabwera kutchuthi, musanafunse za malikisi, yambani mwatifunsa momwe tilili.